Makoma Awiri

Dokotala Ostrowska anatembenuza kompyuta kuti bambo aone.
Phapo lakumanzere linali bii,
ndipo anati kuda kumeneko nkwabwino, ndi mpweya.
Lakumanja linali litamira mpaka m'chiuno
m'nkhungu yotuwa.

Anati phapo limavala kansalu kopyapyala, kopinda pawiri,
mbali ina yomatirira phapo, ina yomatirira nthiti.
Khansa ija yachoka pamene inayambira,
yawaza timbewu take pakansaluko,
ndiye kansalu kakuchucha madzi usiku ndi usana.

Bambo, amene anawotcherera sitima
zaka makumi atatu ndi zinayi padoko la Gdańsk,
anagwedeza mutu ngati akumva za ntchito ya mawa.
"Ndiye makoma awiri," anatero.
"Madzi alowa pakati pa makoma. Pampu ili kuti?"

Poyamba anayesa ufa woyera,
kuuthira mkati kuti nsalu ziwirizo zigwirane.
Bambo anaseka mpaka kutsokomola:
kumeneko nkuwotcherera, mwanawe, koma kwa anthu ophunzira.
Sizinagwirane.
Phapo linakana kutambasuka kukakumana ndi linzake khoma.
Iwo sanadandaule. Anangoti chitsulo chadzimbiri sichimva moto.

Tsopano pali kapaipi pansi pa nkhwapa,
kopiringizidwa m'thonje ngati nyongolotsi yogona.
Lolemba, Lachitatu, Loweruka
ndimakwera masitepe makumi asanu ndi limodzi a nyumba yawo ku Brzeźno,
ndimasamba m'manja kawiri,
ndimavala magolovesi monga anandiphunzitsira namwino Bogumiła,
ndimalumikiza botolo.

Madzi amabwera mwakachetechete,
achikasu ngati tiyi wosapsa,
masiku ena ofiirira, ndipo sitinenapo kanthu.
Ndimaika dzanja pabotolo.
Ndi lofunda.
Palibe anandichenjeza kuti lidzakhala lofunda,
kuti ndidzanyamula kutentha kwa bambo anga m'manja
kupita nako kukataya.

Iwo amalemba pakalendala ya kampani yomwe inatsekedwa kalekale:
600. 550. 700.
Pensulo amaisunga kukhutu, ngati kale.
Chikayamba kukoka paphewa amakweza chala, ine nkutseka.
"Basi, Jagoda. Sitima yayandama."

Ndipo kwa tsiku limodzi imayandamadi.
Amafika pawindo osagwira mpando,
amatha chiganizo chonse ndi mpweya umodzi,
amatukwana mbalame zam'nyanja zomwe zaipitsa khonde,
amandifunsa ngati mwamuna wanga wakonza mabuleki aja.
Chipale chofewa chikugwera pamakina aatali onyamulira zitsulo,
ataima chiimire kutsidya ngati akalulu a chitsulo oiwalidwa,
ndipo bambo amawatchula mayina, limodzilimodzi.

Usiku wachiwiri madzi abwereranso.
Amagona chokhala, mapilo anayi kumsana,
chopendekera kumanja, kuti phapo labwino lipeze malo.
Ndili pakama wa m'chipinda chochezera ndimawerenga befu lawo
mmene iwo ankawerengera langa
chaka chomwe ndinadwala chibayo ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi.

Dzulo anandifunsa, maso ali pabotolo:
"Madzi onsewa akuchokera kuti? Ine sindimwa ochuluka chonchi."
Ndinayamba kubwereza mawu a dokotala.
Anandidula.
"Ndikudziwa. Ndimangofuna kumva ngati ukudziwanso."

Kenako anandipatsa pensulo.
Dzanja lawo linali likunjenjemera kwambiri, silikanatha kulemba ziro wozungulira.
Ndinalemba 800 pansi pa manambala awo,
zilembo zanga zazing'ono, zopendama, za mwana wasukulu,
iwo nkuyang'anitsitsa ngati kapitawo woyendera msoko,
nati, "Eyiti wakoyo watseguka pamwamba. Tseka.
Madzi amalowera pamenepo."